Musanaikitse Windows yatsopano, dziwani kaye pomwe pali katundu wanu

 Ndikulemba ndili kuno ku Liwonde. Lero za mitengo ya usipa tipume kaye, tikambe za makompyuta, chifukwa pali mafunso awiri amene akungobwerabwera mu foni mwanga mpaka ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Loyamba: "Aise, akuti Windows 10 inatha, ndiye laputopu yangayi ndi yotaya?" Lachiwiri: "Ndinakaikitsa Windows yatsopano, pobwera hard drive sikuoneka, zinthu zanga zonse zapita." Ofunsa loyambalo ndi omwewo adzafunse lachiwirilo mawa ngati sitikambirana lero. Nkhaniyi ndi yaitali ndithu, koma bandulo yake sifika ya vidiyo imodzi ya pa TikTok.

Tiyambe ndi mphekesera. Zoona zake n'zakuti pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza ma update a chitetezo a Windows 10, patatha zaka khumi chiitulutsireni mu Julayi 2015. Sanazimitse kompyuta ya munthu aliyense. Ikuyakabe, Word ikulembabe, nyimbo zikulirabe. Chimene chinatha ndi kusoka. Inu mukudziwa kuti chilimira chikatuluka m'madzi, alovi amakhala pansi pa mtengo n'kumasoka pamene pang'ambika. Windows nayo imang'ambika. Akuba a pa intaneti amapeza kabowo, eni ake n'kutumiza chigamba, mwezi ndi mwezi. Ndiye osokawo anyamuka. Ukonde uphabe nsomba lero ndi mawa, koma bowo lililonse latsopano likhala choncho. Windows 7 anaisiya pa 14 Januwale 2020, koma lowani m'mashopu a fotokope kuno kapena ku Balaka, mukaipeza ikusindikizabe ma CV. Kungoti Chrome yake inaima pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023, ndipo mawebusayiti ena ayamba kuikana. Windows 10 idzakalambanso choncho, pang'onopang'ono. Palibe chothamangira usiku uno.

Choopsa ndi phuma. Munthu akungomva kuti "yatha", wanyamula kompyuta pa kabaza, wakafika kwa mnyamata wokonza, "ndiikireni yatsopano", osadziwa n'komwe kuti katundu wake wakhala pati m'katimo. Ukamufunsa kuti zinthu zanu mumasunga kuti, amayankha kuti pa desktop. Mawu amenewa amasokoneza pawiri. Desktop ndi kompyuta ya patebulo ya bokosi ija, imene tonse timangoti CPU. Desktop ndinso chimene mumaona pa sikirini kompyuta ikangoyaka, pamene munaikapo chithunzi cha mwana wanu kapena cha Bullets kapena cha Manoma, ndi tizithunzi ting'onoting'ono totsegulira zinthu. Koma sikirini sisunga kanthu. Mutaiphwanya lero n'kulumikiza ina, zonse zionekanso. Chosunga ndi hard drive, kachitsulo konga chikhatho kamene kamakhala m'kati mwa bokosilo kapena kunsi kwa kiyibodi ya laputopu.

Tizithunzi tija tiyang'anitsitseni. Tina tili ndi kamuvi kopindika pakona ya m'munsi. Amenewo ndi ma shortcut. Bambo anga akatchera matchera madzulo amamangirira chigubu kuti m'mawa adziwe poyambira kukoka. Chigubucho chimangoloza pomwe pali ukonde, m'kati mwake mulibe nsomba ngakhale imodzi. Shortcut ndi chigubu chomwecho. Ndinaonapo wophunzira wina wa uphunzitsi atakopera ma shortcut asanu ndi atatu mu fulashi, n'kumayenda mtima uli m'malo kuti wasunga ntchito zake za chaka chonse. Kudziwa kwake n'kosavuta. Dinani kachithunziko ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, onani kukula kwake. Ngati foda imene mukudziwa kuti muli mavidiyo a ukwati ikuti 1 KB kapena 2 KB, mwanyamula chigubu, ukonde watsala m'madzi.

Zimene zilibe kamuvi ndi mafayilo enieni, koma nawonso malo awo enieni si pa sikirini. Ali mu foda yotchedwa Desktop, imene ili mu foda ya dzina lanu, imene ili mu Users, imene ili mu C. Documents, Downloads, Pictures, zonsezo zili mu C momwemo. Ndipo C ndi chipinda chimene Windows imagonamo. Wokonza akanena kuti "ndingoifomata", akutanthauza kuti asesa chipinda chimenecho mpaka pansi kuti mlendo watsopano alowe. Chilichonse chimene munasiya "pa desktop" chili m'njira ya tsachelo.

Ndiye hard drive yanu muiona bwanji? Windows 10 ndi 11 zikangoikidwa kumene siziika kachithunzi ka This PC pa desktop, n'chifukwa chake ambiri amene anazolowera My Computer ya kale amadzidzimuka kuti yasowa. Njira yachidule ndi kugwira batani la chizindikiro cha Windows pa kiyibodi n'kudina E. Patseguka File Explorer, kumanzere mupeza This PC, m'menemo muli Local Disk C ndi zina ngati zilipo, D, E, ndi fulashi ngati mwalowetsa. Ngati mukufuna kachithunziko kazikhala pa desktop, dinani batani la kumanja pamalo opanda kanthu, Personalize, Themes, Desktop icon settings, chongani pa Computer, basi. Wina anandifunsa kuti bwanji amayambira pa C, A ndi B anapita kuti. Zilembo ziwirizo zinali za ma floppy disk, timadisiki ta kale tija ana a masiku ano sanatione. Ma floppy anatha, koma mipando yawo palibe anakhalapo.

Chinanso chimene chimayambanitsa anthu ndi ogulitsa: mwagula ya 500 GB, This PC ikuonetsa 465. Ya 1 TB ikuonetsa 931. Sanakuberenitu. Opanga madisiki amawerenga ndi 1000, Windows imawerenga ndi 1024. Zili ngati chigoba cha kudoko ndi chigoba cha kumsika, dzina limodzi muyeso wosiyana.

Koma This PC sionetsa zonse. Apa ndipo pali nkhani ya achemwali anga, mwana wa amjomba, amene amagulitsa usipa ndi utaka wouma kuno ndiponso ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi anzawo. Amuna awo anawagulira desktop yogwirapo kale ntchito, ndipo masheya ndi ngongole za gulu amalemba mu Excel. Kope analinalo, koma linanyowa ndi mvula denga litadontha, masamba ena osawerengeka. Wina anawalangiza kalekale kuti azisunga mu D, ndipo anamvera. Kutatsala milungu itatu kuti amayi agawane ndalama mu Disembala, kompyuta inayamba kuchedwa, iwo n'kupita nayo kwa mnyamata wina kuti aiike Windows yatsopano. Inabwera yowala bwino, yothamanga. Atatsegula This PC anapezamo C yekha. Atabwerera kukafunsa, mnyamata uja anangoti mwina D yo inali yowonongeka kale. Anandiimbira usiku, mawu akunjenjemera. Za kompyutayo sanazitchule n'komwe. Anangoti, "Achimwene, amayi aja akanena kuti ndadya ndalama zawo, ndiwayankha chiyani?" Inu mukudziwa m'magulu muja. Mlembi akati zolemba zasowa sabata yogawana, palibe amene angafunse za drive letter. Dzina limaipa tsiku lomwelo, ndipo pamsika palibe angakukongozenso ngakhale beseni limodzi.

M'mawa mwake ndinapita. Ndinadina batani la kumanja pa Start n'kusankha Disk Management. Dzinali lilembeni penapake, chifukwa uku ndi kumene kompyuta imaonetsa madisiki onse, ooneka ndi obisika omwe. Panatuluka mzere wolembedwa Disk 0, wogawidwa zigawo. Chigawo china chachikulu chinali pompo, cholembedwa Healthy, koma chopanda chilembo. Windows yatsopano inangoiwala kuchipatsa dzina, ndipo chopanda chilembo sichioneka mu This PC. Batani la kumanja pa chigawocho, Change Drive Letter and Paths, Add, D, OK. Mphindi sinakwane. Excel ija inatseguka, maina onse ndi ngongole zonse zili m'malo mwake. Achemwali anangokhala pansi pa simenti osayankhula kanthu, kenako n'kundifunsa ngati ndadya.

Chimene sichinabwerere ndi zithunzi. Zithunzi za amjomba, malemu, ali pa bwato lawo ku Malombe, zinali mu foda pa desktop, ndiye kuti mu C. Tinayesa ndi pulogalamu yofufuzira zofufutika, tinapezako zochepa, zambiri Windows yatsopano inali itagona kale pamwamba pake. Pamenepa gwiranipo mfundo: chinthu chikafufutika, siyani kugwiritsa ntchito disikiyo nthawi yomweyo. Kufufuta kumangochotsa dzina m'kaundula, chinthucho chimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamalo pake. Nyimbo iliyonse imene mukudawunilodi pambuyo pake ikhoza kukhala ikukwirira chimene mukulirachi.

Mu Disk Management muja muli zinthu ziwiri zosayenera kukhudza ngati simukudziwa. Chigawo chikalembedwa RAW, kapena chikakhala ndi mzere wakuda cholembedwa Unallocated pomwe inu mukudziwa kuti munali zinthu, imani pomwepo. Ndipo mukalowetsa fulashi kapena hard drive ya kunja, kompyuta n'kukuuzani kuti muifomate kaye musanaigwiritse ntchito, dinani Cancel. Ndabwereza, Cancel. Uthengawo ukungotanthauza kuti Windows yalephera kuwerenga, sukutanthauza kuti mulibe kanthu. Tizigawo ting'onoting'ono tolembedwa Recovery kapena EFI tisiyeni, ndi ta Windows yomweyo. Mukatichotsa poti mupeze malo, kompyuta ikhoza kukana kuyaka.

Tsopano chimene ambiri sadziwa, ngakhale ena okonza. Onani kumanzere kwa Disk Management. Ngati C ndi D zonse zili pa mzere wa Disk 0, ndiye kuti hard drive ndi imodzi, angoigawa pakati. Ndi bwato limodzi lokhala ndi thabwa pakati. Kusamutsa nsomba kuchoka kutsogolo kupita kumbuyo kumathandiza wina akamakapa madzi kutsogoloko, koma mwera ukagubuduza bwato, zonse zipita limodzi. D imakupulumutsani ku fomati ya C. Sikupulumutsani disiki ikafa, kompyuta ikabedwa, kapena mphezi ikalowa. Kusunga kwenikweni ndi kukopera kunja: fulashi, hard drive ya kunja, kapena pa intaneti. Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi 15 GB yaulere pa Google Drive. Mafilimu sangakwanemo, koma satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, ma CV, Excel ya gulu ndi zithunzi za makolo zikwana n'kutsalako malo. Mukakopera, tengani fulashiyo mukaitsegule pa kompyuta ina, mutsegule mafayilo awiri atatu ndi maso anu. Ma fulashi ena otchipa amalemba kukula konama, amalandira chilichonse koma potsegula n'kupeza mphepo.

Dziwaninso mtundu wa disiki yanu. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, pa Disk pamalembedwa HDD kapena SSD. HDD ndi ya kale, m'kati muli mbale yozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri ndi mbaleyo. Sikonda kugwedezeka, sikonda kutentha, ndipo Liwonde wa mu Okutobala mukumudziwa, ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Onjezerani fumbi lotseka fani ndi mabampu a pa kabaza. Mukamva kuti tiki tiki tiki m'kati, kapena foda ikumatenga nthawi yaitali kutseguka, disikiyo ikutsanzika. Kuika Windows yatsopano ndi ntchito yolemetsa kwambiri kwa disiki, imalemba maola osapuma, ndiye yodwala kale imafera pomwepo. Anthu n'kumati update yapha kompyuta, chonsecho nkhalambayo inali kale pa mphasa. Ngati muli ndi kandalama, SSD ngakhale yaing'ono imasintha kompyuta yakale kuposa Windows iliyonse yatsopano. Ndipo pali ubwino wina: Windows muika pa SSD, disiki yakale muichotsa ili ndi zonse, muiika mu kabokosi ka USB, yasanduka nkhokwe.

Inu amene achibale anakutumizirani MacBook kuchokera ku Joni, kwanu kulibe C ndi D. Disiki imatchedwa Macintosh HD, ndipo nayonso siioneka pa desktop pokhapokha mutaiitana. Tsegulani Finder, pa Settings, kapena Preferences ngati ndi yakale, General, chongani pa Hard disks ndi External disks. Chenjerani pobwerekana ma hard drive ndi a Windows. Yofomatidwa pa Mac, Windows siiwerenga, imafunsa zofomata zija. Ya Windows ya NTFS, Mac imawerenga koma silembamo. Imene imayenda mbali zonse ndi exFAT.

Katundu mwamupeza, mwamukopera kunja. Tsopano tikambe za update. Choyamba dziwani chimene muli nacho. Dinani Start, lembani winver, Enter. Ikuuzani Windows yanu ndi nambala yake. Windows 10 yomaliza ndi 22H2. Kenako Settings, System, About, muone purosesa ndi RAM. Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yosakalamba: ya Intel kuyambira m'badwo wa 8, ya AMD kuyambira Ryzen 2000. M'badwo umaoneka pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, kapena pa manambala awiri oyamba ngati ndi wa 10 kupita m'tsogolo. i5-8250U ndi wa 8, ilowa. i5-6300U ndi wa 6, silowa. Apa ndi pamene ambiri timapusitsidwa pogula, chifukwa wogulitsa amangokuwa kuti "Core i7 bwana!" koma i7 ya m'badwo wa 4 ndi gogo poyerekeza ndi i3 ya m'badwo wa 10. Ma laputopu ambiri amene amabwera atagwira kale ntchito m'maofesi a ku UK, monga HP EliteBook 840 G3 kapena ThinkPad T460, ndi a m'badwo wa 6. Ndi makina olimba, koma pakhomo la Windows 11 amabwezedwa. Pali kapulogalamu ka Microsoft kotchedwa PC Health Check kamene kamakuuzani mwachindunji ngati yanu ikulowa.

Ngati ikulowa, ndipo Windows 10 yanu ndi yovomerezeka, kukwera n'kwaulere kudzera pa Windows Update. Ngati sikulowa, anyamata ali ndi njira zokakamizira, ndipo zimathekadi. Maganizo anga ndi akuti pa kompyuta ya RAM 4 GB ndi HDD musavutike, mudzangoipatsa katundu woposa msinkhu wake, ndipo eni ake ananeneratu kuti yokakamiza salonjeza kuti izilandira zigamba. Microsoft inakhazikitsa njira yogulira nthawi yotchedwa ESU, yopitiriza zigamba za Windows 10 22H2, ndipo poyamba inalengeza kuti idzafika pa 13 Okutobala 2026. Mu 2025 mtengo wake unali madola 30, koma munthu wamba ankatha kulowa osalipira ngati walowa ndi akaunti ya Microsoft n'kulola kuti ma settings ake azisungidwa kumeneko. Onani mu Windows Update ngati pali polembetsa. Chimene ndikukanizani ndi Windows zija zoyenda m'ma fulashi, zoti ili kale activated, muli kale Office, muli kale magemu. Simukudziwa anaiphika ndani, ndipo anathiramo chiyani. Pa kompyuta yomweyo mudzatsegula imelo, WhatsApp Web ndi akaunti ya kubanki.

Wina anena kuti ine mwana wa msodzi andibera chiyani, bwanji ndingozimitsa ma update onse ndikhale pa mtendere. Mu Meyi 2017 kachilombo kotchedwa WannaCry kanagwira makompyuta m'maiko oposa 150, kanatseka mafayilo n'kumafuna dipo, mpaka zipatala za ku England zinabweza odwala. Chigamba chotseka bowo limenelo chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanachiike. Kachilombo sikafunsa kuti bambo ako amagwira ntchito yanji, kamangoyesa chitseko chilichonse. Ndipo kwathu kuno njira yake yaikulu ndi fulashi, imene m'mawa ili ku fotokope, masana kwa wojambulira nyimbo, madzulo mu laputopu yanu. Kachilombo kaja kosandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut mukukadziwa. Nako sikafufuta, kamangobisa, ndiye musathamangire kufomata fulashiyo.

Za magetsi. Mukaima pa mlatho wa Kamuzu Barrage pano pa Liwonde, madzi amene mukuwaonawo ndi omwe aja bambo athu amapalasapo kumtunda. Achoka m'nyanja ku Mangochi, adutsa Malombe, afika apa. Baraji imeneyi inamangidwa mu 1965, ndipo ndi imene imayeza madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Namasupuni ndi zinyalala zikachuluka, kapena madzi akachepa, kapena chigumula chikawononga ngati momwe namondwe Ana anachitira ku Kapichira mu Januwale 2022, magetsi amavuta dziko lonse. Amene anapanga uthenga uja woti musazimitse kompyuta update ili m'kati sanakhalepo m'dziko la mtsinje umodzi. Desktop ilibe batire. Magetsi akathima Windows ili pakati posintha mafayilo ake, nthawi zina imadzibweza yokha, nthawi zina imangozungulira osayakanso. Choncho desktop ichitireni update pamene pali UPS, kapena sola ya inveta yodalirika, kapena jenereta yothira mafuta okwanira. Laputopu ikhale yodzaza ndiponso ili pa chaja. Laputopu imene batire yake inafa, ija imazima mukangosolola chaja, muiwerenge ngati desktop. Nthawi ya mabingu musayambe n'komwe.

Za bandulo n'zachidule. Windows 11 yathunthu imaposa 5 GB. Palibe chifukwa choti anthu khumi a dera limodzi aliyense adawunilodi yake. Mmodzi atenge pa webusayiti ya Microsoft yeniyeni ndi Media Creation Tool, aike pa fulashi yopanda kanthu ya 8 GB kapena kuposa, enanu musonkhe ya bandulo. Fulashiyo imafufutidwa yonse popanga, ndiye isakhale yomwe mwasungamo katundu uja. Ndipo ngati mumalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, lowani pa Wi-Fi, Properties, muyatse Metered connection, kuti Windows isamamwe bandulo yanu mwakachetechete. Mudzaitsegulira nokha tsiku limene mwakonzeka.

Kuika Windows kuli pawiri, ndipo apa ndi pamene muyenera kumvana ndi wokonza musanamusiyire makina. Pali kukweza, kumene mumasankha Keep personal files and apps, zinthu zanu n'kukhala. Windows yakale imasungidwa mu foda ya Windows.old, ndipo muli ndi masiku khumi obwerera ngati yatsopanoyo sinakukomereni kapena printa yakana. Ndiye pali kuika mwatsopano, kumene kumaonetsa mndandanda wa zigawo ndi mabatani a Delete ndi Format pansi pake. Anyamata ambiri amakonda yachiwiriyi chifukwa ndi yachangu ndipo kompyuta imabwera yopepuka. Sindikuwanyoza, ambiri anadziphunzitsa okha, ndipo popanda iwo theka la makompyuta a m'tauni muno akanakhala mipando ya nkhuku. Koma wokonza sadziwa kuti kafoda kolembedwa "zanga 2" ndi moyo wanu wonse. Muuzeni. Jambulani Disk Management ndi foni musanapereke. Mufunseni kuti, "Achimwene, mufomata chigawo chiti, ndipo zimene zili pa Desktop ndi mu Documents muziika kuti?" Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limenelo. Akayamba kukalipa kuti mukundiphunzitsa ntchito, nyamulani makina anu. Pokatenga, tsegulani This PC muli pomwepo, ndalama isanatuluke m'thumba.

Pali msampha wina watsopano wotchedwa BitLocker. Ndi loko amene amakhoma disiki yonse kuti wakuba asawerenge. Ma laputopu ochokera m'makampani ena amabwera nawo, ndipo Windows 11 ya masiku ano imatha kumuyatsa yokha mukalowa ndi akaunti ya Microsoft. Mu This PC disiki yake imakhala ndi kachizindikiro ka loko. Tsiku lina mukasintha china m'kati, kapena mukachotsa disiki kuti muiwerenge pa kompyuta ina, idzafuna kiyi ya manambala 48. Kiyiyo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa. Ndiye taganizani ngati akauntiyo anakutsegulirani ndi wokonza, ndi imelo yake, iye n'kusamukira ku Nampula. Popanda manambala amenewo palibe dolo angatsegule, kaya ku Limbe kaya ku Lilongwe. Akaunti ikhale yanu, password muidziwe inu, manambala 48 aja muwalembe pa pepala muike m'chikwama momwe mumasunga masatifiketi.

Kwa amene makina anu abwezedwa pa Windows 11 ndipo ntchito yanu ndi kulemba, kuwerenga, intaneti ndi mafilimu, pali Linux. Ndi yaulere, ndipo palibe za activation. Mtundu wake wotchuka umatchedwa Ubuntu, anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timanena kuno. Wina wotchedwa Linux Mint umafanana kwambiri ndi Windows pa maonekedwe, ndi umene ndimaikira ongoyamba. Mumabwera LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale nthawi zina matebulo amasuntha pang'ono. Ubwino wake mukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osakhudza hard drive: muone ngati Wi-Fi ikugwira, mawu akumveka, printa ikuyankha. Wa shopu yosindikiza amene amadalira CorelDRAW kapena Photoshop, imeneyi si yanu. Ndipo dziwiranitu kuti kumeneko kulibe C ndi D, madisiki amaoneka ndi maina kapena kukula kwake, musadzandiimbire usiku kuti zasowa. Poiika imafunsa ngati ifufute disiki yonse, ndipo ikati yonse ikutanthauza ndi D yemwe.

Amene mukufuna ndikuonereni, nditumizireni zithunzi ziwiri zokha: cha Disk Management chooneka mizere yonse, ndi cha About chooneka purosesa ndi RAM. Jambulani mowala, osati zija zogwedera ngati munajambula muli pa boti. Ndiyankha madzulo ndikaweruka. Password yanu ndi manambala a BitLocker musatumizire munthu, ngakhale ine. Mupatsireko alembi a mabanki m'khonde ndi a ma komiti a kudoko amene mukuwadziwa kuti amasunga zolemba pa kompyuta.